Chitsulo Chopanda Msoko

Chingerezi changa ndinachitola pansi. Ndikunena pansi penipeni, pa chisaka chomwe bambo wina ankayala m'mbali mwa msewu wotsikira ku depoti ya Mzuzu, n'kuyikapo mabuku akale. Mabuku athunthu anali a aphunzitsi ndi anthu a m'maofesi. Athu anali a mulu wakumapeto, otsika mtengo chifukwa masamba omalizira anali atapita kale, ena atakulunga mtedza wokazinga, ena atapichira fodya. Choncho ndine munthu amene anawerenga mabuku ochuluka kuposa aliyense mumzere wathu wa nyumba ku Katawa, koma ambiri mwa iwo sindidziwa mmene anathera. Mukandimva ndikuyankhula ngati wodziwa zinthu, muzikumbukira zimenezo.

Sukulu ndinaisiyira panjira adada atamwalira, ndipo amalume anandikhazika pa makina osokera. Mpaka lero ndine telala, pakhonde la sitolo ina kufupi ndi msika waukulu. Wondigulira mabuku anali mkulu wanga, amene nthawi imeneyo ankakweza katundu pamwamba pa mabasi. Iye kuwerenga sankakukonda, ankati zilembo zimamuyendayenda m'maso ngati nyerere zapeza shuga. Buku ankasankha poona chikuto. Pakakhala nyenyezi, chombo cha m'mlengalenga, kapena munthu wovala chimphika chagalasi kumutu, ankalipinda n'kulilowetsa m'thumba la ovolosi, madzulo n'kudzandiponyera pamiyendo.

"Aprofesa, ntchito iyo. Lamulungu ndimve."

Ndinkalimbana nalo sabata yonse, dikishonale yothothoka ili pambali. Lamulungu masana, tikabwera kutchalitchi, tinkatsamira khoma la nyumba mbali yowomba dzuwa. Wa ku Mzuzu amadziwa kufunika kwa khoma limenelo miyezi yozizira. Ine ndinkafotokoza nkhani yonse m'Chitumbuka, iye akusenda nzimbe ndi mano ake aja okhala ndi mpata pakati.

Nkhani zomwe tinkakonda kwambiri zinali za chinthu chotoledwa. Mukawerenga zingapo mumazindikira kuti olemba ake, ngakhale sankadziwana, ankasoka pa patani imodzi. Chinthucho chimachokera kwa zolengedwa za kudziko lina, kutali kuseri kwa nyenyezi. Sachipeza ndi profesa ayi, amachipeza ndi mlimi amene khasu lake lagunda cholimba, kapena okumba mgodi, kapena mayi wofunafuna mbuzi yake. Chimakhala chosalala, chopanda msomali, chopanda polumikiza, ndipo ine monga telala mfundo imeneyi inkandisowetsa mtendere: chinthu chopanda msoko! Macheka sachidula, moto suchisungunula. Pamwamba pake pamakhala timizere tomwe palibe angawerenge. Kenako amabwera anthu ophunzira n'kuyamba kukangana, aliyense akuonamo za ntchito yake. Wamasamu akuti ndi masamu, wansembe akuti ndi chizindikiro, msilikali akuti ndi bomba. Boma limazinga malowo ndi waya. Ndipo nthawi zonse pamakhala chitsiru chimodzi chomwe chauzidwa kuti chisakhudze, koma chimakhudza ndi dzanja lopanda kanthu, n'kuyamba kulota maloto achilendo.

"Ameneyo ndiwe," ankatero mkulu wanga, akundiloza ndi nzimbe.

Ndiye chinthu chija chimayamba kulira chapansipansi, chikuwala, anthu onse ali kakasi, khomo lomwe panalibe likuyamba kutseguka, ine ndikutembenuza tsamba, basi kwatha. Chatsala ndi ulusi ndi guluu wouma.

Mathero tinkapanga tokha, ndipo sitinagwirizanepo. Ine ndinkati chinthucho ndi uthenga. Eni ake anachisiya dala kuti tsiku lina, tikadzakhwima nzeru, chidzawaitane, iwo n'kubwera kudzationa. Mkulu wanga ankalavula makoko a nzimbe n'kuseka.

"Iwe, nanga chikakhala kuti chinangogwa? Anthu aja ankadutsa ulendo wawo, wokweza katundu sanamange bwino chingwe, kanthu ka m'khitchini n'kupulumuka. Kwawoko mayi wake akukafunafuna mpaka lero. Inu kuno mwamanga waya, mwaitana asilikali."

"Akulu, anthu owoloka thambo lonse sangagwetse katundu."

"Aliyense amagwetsa katundu, aprofesa. Funsa ine."

Mkangano umenewu unalibe wogamula, poti tsamba loti litiweruze linali litapsa kale m'kamwa mwa munthu wosuta. Mwina n'chifukwa chake unkakoma.

Anapita ku Joni monga amapitira anyamata ambiri a kwathu, ndi chikwama chimodzi ndi nambala ya foni ya mnzake wa mnzake. Ndinamusokera mathalauza, ndi kathumba kobisika m'kati mwa chiuno. Zaka zoyamba ankaimba foni kawirikawiri. Anati wapeza ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga kwa azungu ena okalamba, kutali kupitirira Joni weniweniyo, kumene kuli mapiri ndi minda ya mphesa. Kwa ife konseko ndi ku Joni basi. Matransipota, anthu aja onyamula katundu wa anzathu kuchokera kumeneko, ankatibweretsera mabulangete, mapoto, wailesi, ndi nsapato za amama zomwe zinakula, koma ankazivalabe atasanjikiza masokosi. Kenako mafoni anayamba kutalikirana. Kenako nambala ija inayamba kuyankhidwa ndi mayi wa m'makina uja, wonena mwaulemu kuti amene mukumufunayo sakupezeka. Tinafunsa kwa aliyense wobwera kuchokera kumeneko. Wina anati anamuona, wina anati anasamuka, wina anati anakwatira. Anthu a kutchalitchi anayamba kumutchula kuti mtchona, wopita osabwerera, koma osati amama ali pafupi.

Ine ndinakwatira, ndinamanga kanyumba ku Kaning'ina kufupi ndi nkhalango. Mwana wanga wamkazi anabadwa, anayamba sukulu, adada ake aakulu akungowadziwira pa chithunzi. Amama ndinawapempha kuti tizikhala limodzi, anakana kuchoka ku Katawa. Ankati munthu akamabwera amalunjika pakhomo pomwe analisiya, ndiye asadzapeze anthu achilendo.

Tsiku lina m'mawa, m'nyengo yozizira, kamvula kathu kaja kowaza kosatha kakugwa, nkhungu itameza nsonga za mitengo ya paini, pakhonde langa la kusitolo panaima bambo wovala jekete lachikopa.

"Monire adada. Ndinu atelala aja owerenga mabuku?"

"Yewo. Owerenga theka la mabuku, ndine ndemwe."

Sanaseke, ulendo unali utamutopetsa. Anati ndi transipota, wafika dzulo lake, ndipo ali ndi kaphukusi kanga. Kanali kokulungidwa ndi pulasitiki ndi tepi yambirimbiri, popanda dzina, popanda kalata. Pokalandira dzanja langa linatsikira pansi, sindinayembekezere kulemera koteroko.

"Wapereka ndani?"

"Mkulu wina wowonda, wachipewa, wa mpata m'mano. Anafika pomwe timapakira katundu galimoto itatsala pang'ono kunyamuka. Ndinamuuza kuti adada, chitsulochi chingokudyerani ndalama, bwanji osatumiza sopo kapena mafuta ophikira? Anangoseka. Akuti kapereke kwa telala wa pakhonde lakutilakuti, iye akadziwa."

"Nambala yake muli nayo? Akukhala kuti? Ali bwino?"

"Nkhumanya yayi, adada, sindikudziwa. Anthu amachuluka pamene paja. Anabwera ndi miyendo yake, ndipo ankaseka. Ndi zomwe ndinaona ine."

Ndinadula tepi ija ndi sizasi yanga ya nsalu, chinthu chomwe sindilola munthu aliyense kuchita. M'kati munali sokosi lakale, ndipo m'sokosimo munali mpira wachitsulo, waukulu ngati lalanje, wozizira ngati mwala wa mumtsinje wa Lunyangwa. Unali ndi mizere yozungulira yolowa m'kati, ndi timabala ting'onoting'ono paliponse. Ndinautembenuza uku ndi uku, ndinaupapasa ndi chikhadabo mmene ndimafufuzira pomwe nsalu inalumikizidwa. Msoko panalibe.

Ndinakhala pa kampando kanga, kasitomala akudikira thalauza lake, ndipo ndinaseka mpaka misozi inatuluka. Kuseka kutatha misoziyo inapitirira yokha.

Masana omwewo ndinakwera njinga yamoto kupita ku Katawa. Nditawauza mawu a transipota uja, amama anaulandira mpirawo ndi manja awiri. Ananunkhiza sokosi lija, analipinda bwinobwino n'kuliika pachifuwa m'kati mwa bulauzi.

"Wakuti vichi mukuru wako?" anafunsa. "Akuti chiyani? Wanena kuti iwe udziwa. Wamabuku ndiwe."

"Amama, ndipatseni nthawi ndiuone bwino."

Funso limenelo ndinayenda nalo kuyambira tsikulo. Amama sankafuna kudziwa ntchito ya chitsulocho. Ankafuna kudziwa ngati mwana wawo akubwera, ndipo anali atakhulupirira kuti yankho lili mumpiramo, wolimasula ndine. Vuto linali loti nanenso ndinkakhulupirira zomwezo.

Zinthu zinayenda ndendende monga m'mabuku, kungoti asayansi athu anali a mumsika. Wowotcherera zitsulo wa kuseri kwa sitolo anaugogoda ndi sipanala, anaika khutu, nati m'kati mulibe kanthu, ndiye tiudule tione. Ndinaulanda msangamsanga. M'mabuku, wodula chinthucho safika tsamba lotsatira. Makaniko wina anati ndi chipangizo cha chigalimoto cha kumigodi, ndipo ndikapeza chigalimotocho ndimuitane. Mwini sitolo, mkulu wachisilamu wochokera ku Mangochi amene wandisunga pakhonde lake zaka zonsezi, anauika pa sikelo ya shuga, anayang'ana muvi, n'kupukusa mutu.

"Atelala, ine ndine wamalonda. Chinthu chomwe sindikudziwa wochigula, ndiye kuti sindichidziwa. Koma taganizani, m'bale wanuyo analipira kuti chifike kuno. Akanakhala kuti akugona ndi njala sakanataya ndalama potumiza chitsulo."

Mawu amenewo ndinathamanga nawo kwa amama tsiku lomwelo, ndipo anawamwa ngati mankhwala.

Wansembe wa m'nkhani yathu anali mayi wina wa kwaya, mnzawo wa amama wa kalekale. Iye atauona anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda chitseko. Anati anamva kuti kumeneko kuli zizimba zolemeretsa anthu, ndiye chinthuchi chipemphereredwe, kenako chikaponyedwe mumtsinje.

"Kupemphera pempherani," anatero amama, "koma kumtsinje sichipita. Mwana wanga sangatumize ziwanda kwa amake. Ulesi wolemba kalata basi ndi womwe ali nawo."

Asilikali okha ndi amene sanabwere. Kunena zoona ndinakhumudwa pang'ono.

Chitsiru chokhudza ndi dzanja ndinali ine, monga ananenera mkulu wanga. Timabala tija ndinatikopera ndi choko pa pepala la patani, kuona ngati ndi mapu a malo, kapena kaimidwe ka nyenyezi. Ndinaufikitsa pafupi ndi wailesi kuti ndimve ngati ingasokonekere. Ndinauika padzuwa kuti mwina udzuka ukafunda. Mkazi wanga anaupeza tsiku lina nditauviika m'beseni, anaima ndi manja m'chiuno.

"Bambo ake mwana, mukamaliza kuuchapa mundiuze ndikauyanike."

Tinagwirizana ndi amama kuti uzikhala sabata ina kwa ine, ina kwa iwo. Ku Katawa unkakhala pa kabati, pa kansalu koluka, pafupi ndi chithunzi cha adada. Ndikamaubweza ankandifunsa ndisanakhale n'komwe pansi, "Wayamba kuyankhula?" Poyamba ankafunsa moseka. Zaka zitapitapo ankafunsabe, koma kuseka kuja kunali kutachoka.

Nthawi imeneyo n'kuti ntchito ikuyendako bwino, moti ndinayamba kugula mabuku athunthu. Ndinadandaula. Ndinapeza kuti mathero ambiri a nkhani zoterezi ndi ena omwe ine ndi mkulu wanga sitinawaganizirepo. Anthu amavutika, amamasula timizere tija, amatsatira komwe chinthucho chikuloza, n'kukapeza kuti eni ake anatha kalekale. Nyumba zawo zilipo, nyali zikuyakabe, koma mulibe munthu. Chinthu chija chinkangopitiriza kuitana chokha, osadziwa kuti woyankha kulibe. Nditawerenga loyamba lotero ndinalakalaka wa mtedza akanang'amba tsamba limenelonso. Sindinauze aliyense, koma kuyambira pamenepo ndikagwira mpira uja ndinkamva kuzizira kwake kuposa kale.

Mwana wanga anakula, anafika ku sekondale, ndipo tinamugulira foni. Loweruka lina masana anandipeza pakhonde ku Kaning'ina ndikuupukuta ndi kansalu, tiyi ali pambali.

"Adada, mukudziwa kuti foni ikhoza kutiuza? Ndingoujambula, intaneti ifananiza ndi zithunzi zina, basi."

"Zingatenge nthawi yaitali bwanji?"

"Musanamalize tiyi wanuyo."

Ndinauphimba ndi kansalu kaja. Ndinati kuwala kwa lero sikuli bwino. Loweruka lotsatira ndinati intaneti imanama chomene. Lotsatira lake ndinati chitsulo chimatha kuwononga foni, ndinawerenga penapake.

"Munawerenga pati?"

"Tsamba lake linang'ambika."

Anandiyang'ana ndi maso a amayi ake. "Adada, mukuopa."

Ndinkaopadi. Ndinkaopa kuti foniyo inena kuti ndi chitsulo wamba chogwa pa galimoto ya wina, ndipo ndidzapita ku Katawa ndi manja opanda kanthu. Chinthu chosadziwika chimatha kunena chilichonse chomwe mtima ukufuna. Malinga ngati sindinkadziwa, mkulu wanga anali akuyankhulabe, ine n'kungokhala wochedwa kumva.

Amene anandithyola ndi amama. Miyendo inali itayamba kutupa, maso akuchita chifunga, moti tchalitchi ankangochimvera pa wailesi ija. Tsiku lina ndikubweza mpirawo sanafunse funso lawo lija. Anagwira dzanja langa n'kulifinya.

"Mwana wane, maso akutha awa. Ngati wadziwa koma ukundibisira, undiuze, ndine wamkulu. Ngati sukudziwa, funsa ena. Usachite manyazi, palibe amene anawerenga zonse."

Nditafika kunyumba ndinaitana mwana wanga. Ndinauika pa tebulo, iye anajambula, ndipo tiyi sanazizire n'komwe.

Pa foni panabwera zithunzi za madala ovala zipewa, ataimirira pa bwalo la timiyala pansi pa mitengo. Pamapazi awo panali mipira yachitsulo, ya mizere yomweyo, itazungulira kampira kakang'ono kathabwa. Mwana wanga anawerenga mokweza. Ndi masewera, dzina lake ndi la Chifalansa ndipo lilime langa linalikana. Munthu aliyense amakhala ndi mipira ingapo. Amaponya kuti wake ukagwe pafupi ndi kampira kathabwa kaja, ndipo wina akayandikira kwambiri, mnzake amaponya mwamphamvu kuti akaugunde uchoke. Sagulitsa umodzi, imakhala ingapo m'kachikwama.

Mwanayo anayamba kuseka, kenako ataona nkhope yanga anasiya.

"Pepani adada. Ndi chidole cha madala basi."

"Nanga timabalati?"

Anafufuzanso. "Akuti imachita zimenezo ikamagundana ndi inzake."

Mapu anga onse aja, nyenyezi zanga zonse za pa pepala la patani, zinali zipsera za kugundana ndi inzake. Anandionetsanso kanema. Mdala wina anapinda mawondo, anaponya, mpira wake unakagunda wa mnzake ndipo panamveka kuti kho! Madala onse anakuwa.

Ndinatuluka n'kukaima kuseri kwa nyumba, kuyang'ana nkhalango. Poyamba ndinangomva manyazi a munthu wamkulu amene waviika chidole m'beseni. Kenako, osafuna, ndinayamba kumuona. Ndinamuona akusalaza timiyala pa bwalo la mabwana ake okalamba aja, n'kupeza mpira umodzi wakale utasochera pansi pa maluwa, kapena atapatsidwa poti inzake inatayika. Ndinamuona akuutembenuza m'manja, akufunafuna polumikiza, osapeza, n'kuyamba kuseka yekha. Anaunyamula ulendo wonse kukafika kopakira katundu, anakana sopo ndi mafuta ophikira. Ananditumizira buku lina lopanda masamba omalizira, monga ankachitira kale, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti ndidzamanga waya n'kuitana asilikali. Anali atapambana mkangano wathu. Chinthu chodabwitsa chochokera kutali chinalidi kanthu wamba ka anthu a kumeneko.

Koma mkulu wanga ndimamudziwa. Sankakonda kupambana ine kulibe. Ankafuna aone nkhope yanga.

Ndikudziwa kuti amenewanso ndi mathero opanga ndekha. Transipota uja anangoona munthu wowonda akuseka, ndipo kuchokera tsiku limenelo papita zaka. Za nyumba zoyaka nyali zopanda anthu zija sindinaiwale.

Lamulungu masana ndinapita ku Katawa. Amama ndinawapeza atawatulutsira mpando kukhoma lathu lija la dzuwa. Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo n'kuwaika mpirawo pamiyendo.

"Amama, ndafunsa. Ndi mpira wosewerera. Madala a kumeneko amaponyerana pa bwalo la timiyala."

Anayendetsa zala m'mizere ija.

"Chidole?"

"Chidole, amama."

Anaseka mpaka anatsokomola, ndinachita kuwasisita pamsana. "Mwana ameneyu! Zaka zonsezi ndachiyalira nsalu yoluka! Ndinakangana ndi mnzanga wa kwaya chifukwa cha chidole!" Anapukuta m'maso ndi chitenje. "Amasewera munthu mmodzi?"

"Ayi, awiri kapena kuposa. Ndipo mipira yake imakhala ingapo."

"Inayo ili kuti?"

"Sindikudziwa. Mwina ili ndi iye."

"Ndiye watumiza wako. Yakeyo abwera nayo yekha."

Ndikanatha kungovomera, koma anali atandipempha kuti ndisawabisire kanthu.

"Amama, zimenezo foni sinanene. Kunena zoona, sindikudziwa ngati akubwera. Sindikudziwa ngakhale ngati..."

Anandigwira pakamwa ndi dzanja lonunkhira chitsulo.

"Sindinafunse foni, ndinafunsa iwe, ndipo wayankha. Yewo. Tsopano tenga uzikhala nawo kwako, pa kabati panga sipokhala zidole. Ukakonze posewerera pake. Kwanu kuja n'kwamatope, asadzapeze manyazi."

Ndinakonzadi. Pambali pa nyumba, mbali yowomba dzuwa, ndinazula mbatata za mkazi wanga titakambirana nthawi yaitali, ndinasalaza, ndinatuta timiyala ndi wilibala. Mvula ya kuno imatikokolola chaka chilichonse, ine n'kutibwezeranso. Kampira kathabwa ndilibe, ndimaikapo njere ya peyala. Amama akadali ku Katawa, pakhomo pawo pomwe paja, ndipo ndikapita safunsanso ngati wayamba kuyankhula. Amafunsa ngati ndikuphunzira kuponya, kuopa kuti mkulu wanga angadzandigonjetse kawiri.

Lamulungu masana ndimapinda mawondo monga mdala wa mu kanema uja, ndimaponya, mpira umagwa kuti phi, ndimayenda kukautola, ndimabwerera, ndimaponyanso. Oyandikana nawo anazolowera. Ena amati mabuku anandifikitsa pamenepo, ndipo sindikana. Njinga yamoto ikaima kumsewu, makamaka wokwera akakhala wachipewa, ndimachedwa kuponya mpaka nditaona njira yomwe walowera. Yankho langa ndinalikonza kale. Ndidzamuuza kuti akulu, mwapambana, kanalidi kanthu wamba. Kenako akakhala pansi, nzimbe ili m'manja, ndidzamufotokozera bwinobwino chifukwa chake sanapambane.

Mpirawo wawonjezera timabala tatsopano, koma tonse ndi ta miyala. Kulira kuja kwa chitsulo chikagunda chinzake ndinakumva pa foni pokha. Pabwalo langa sikunamvekepo.